Dazi la Alamu ndi Bolodi la Pagalasi

Wometa wa pakona paja lumo lake silinkapweteka munthu, koma pa masewero a chesi ankaliza akuluakulu. Chaka chimenecho anafika mu ndime yomaliza ya mpikisano, ndipo woti akumane naye anali mlamu wake, telala wadazi, katswiri mnzake.

Sabata yonseyo wometa anasiya bolodi la chesi pansi pa galasi atayala kayambidwe kamodzimodzi: kamsilikali ka kutsogolo kwa mfumu katatsogola, hatchi ikutsatira. Telala uja, mutu wosalala ngati dzira, anayamba kubwera m'mawa uliwonse kudzametetsa. Wometa ankangoyendetsa makina padazipo mwaulemu, akuonera pagalasi maso a mlamu wake akuba bolodi.

Tsikulo litakwana, telala anakhala pampando akumwetulira, mayankho onse ataloweza. Wometa anatambasula dzanja, nalambalala kamsilikali kaja, n'kukankha ka kutsogolo kwa mfumukazi.

Telala anayang'anitsitsa bolodi, nthawi yake yosewerera ikutha pa wotchi.

"Alamu," ananong'ona, "si zimene zinali pabolodi paja izi!"

"Bolodi lija n'loitanira makasitomala, alamu," anayankha wometa. "Nanga munthu wadazi ndikanamukopa ndi chiyani?"