Mabwato Ooneka Ngati Nthochi

Kwathu amanditenga ngati katswiri wa makompyuta chifukwa ndimalandira alendo pa loji ina ku Chintheche. Kunena zoona, pa kompyutapo ndimangolemba mayina a alendo basi.

Tamala, mwana wa mchemwali wanga, atamaliza Fomu 4 anandipeza ndikudya.

"Asibweni, ndikufuna kuphunzira kupanga magemu a pafoni, koma kujambula sinditha. Zingatheke?"

Ndinali nditatopa, ndipo ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa.

"Popanda kujambula, iwalako," ndinatero, kondowole ali mkamwa.

Anayesetsa mwanayo. Ankajambula mabwato ooneka ngati nthochi, mpaka anagwa ulesi n'kuyamba kusoka.

Chaka chatha kunabwera mlendo wopanga magemu. Nditamufunsa za kujambula, anaseka.

"Ine? Ngakhale usipa sindingajambule. Ojambula ndi ena. Ine ndimalemba pulogalamu youza gemuyo zochita."

Mpaka lero Tamala sindinamuuze. Ndimakonza mawu njira yonse, koma ndikafika amandilandira ali pa makina ake osokera.

"Tawonga asibweni, munanditsegula maso. Bwenzi ndikutayabe nthawi."

Ine ndimangogwedeza mutu, n'kumupatsa buluku langa long'ambika.