Mpunga Wandevu wa Amayi

Chaka chino ndakolola, ndakolola ine, ndakolola mpaka msana kudandaula. Mpunga uli pamkeka, mpunga uli m'lichero, wina wagona m'matumba kuchipinda. Dzulo nditaphika woyamba, fungo linatuluka pakhomo, linadumpha mpanda, linakapeza anthu kumjigo. Ndiye ndati ndilembe za mwini wake wa fungoli, amayi anga ondibala, ngakhale zilembo zanga zimayenda chammbali ngati nkhanu. Sukulu ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu, koma cholembera ndimachigwira ndithu.

Amayi anali afupi, akuda bii, a mawu aakulu. Akaseka kudambo, otsala kumudzi ankamva. Kuno kwa Malengachanzi aliyense amalima mpunga, koma wa amayi unali wawokha. Unali wandevu: njere iliyonse ndi kandevu kake kakatali kolasa, moti mbalame zinkautera monyinyirika. Unkachedwa kucha, unkavuta kupuntha, unkayabwa m'manja, koma ukakhala pamoto ngakhale wodwala ankadzuka kufunsa kuti akuphika ndani. Mbewuyo anailandira kwa amayi awo, nawonso kwa amayi awo. Dzina lina sitinaudziwe, tinkangoti wandevu.

Mpunga ukacha, ife tisanalowe m'munda kukamweta, amayi ankayamba okha ndi kampeni. Ankayenda pang'onopang'ono, kudula ngala imodziimodzi, zolemera zokhazokha, zoweramira pansi. Imeneyo ndiyo inali mbewu. Ankaiyanika payokha, kuipuntha payokha, kuisakaniza ndi phulusa, kuithira mumtsuko n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Mtsukowo unkakhala pakona kuchipinda chawo, ndipo njala ivute bwanji, sunkatsegulidwa mpaka mitambo ya mvula itaoneka. Powokera, matope ali m'mawondo, ankayimba kanyimbo kawo kopeka okha, werama mwana wanga, werama, wandevu akudikira, ndipo ine ndinkawerama ndikulira misundu.

Chimodzi chokha ndinkakangana nawo, manja awo. Mtsuko ukangotsegulidwa, aliyense wobwera ndi kambale ankamuthirira. Wa kufupi, wa kutali, ngakhale amene anawanena miseche chaka chatha, ankamuthirira. Tsiku lina ndili mtsikana ndinawafunsa kuti akapatsa onse, wathu udzasiyana bwanji ndi wa ena. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe mwana, mtima wako ndi waung'ono ngati wa usipa. Tenga lichero upete."

Anali ndi mnzawo wa pamtima, mayi wachisilamu wokhala kufupi ndi boma, wogulitsa nsomba zouma pamsika. Anadziwana ali atsikana pochapa kunyanja. Amayi anali a kutchalitchi, osaphonya Lamulungu, koma awiriwa akakumana zinali zonyozana zokhazokha. Amayi ankati mnzawoyo sadziwa kuti khasu amaligwira mbali iti. Mnzawoyo ankati amayi amanunkha matope ngakhale atasamba ndi sopo wa kusitolo. Chaka chilichonse mwezi wa kusala ukamatha, amayi ankasenza dengu la wandevu wosasinja kupita nalo kwa mnzawo kuti adye pa Idi. Mnzawoyo pa Khirisimasi ankabwera ndi nkhuku yozinga kale kwawo, kuti nawonso adye nafe mosakayika.

Chaka chimene amayi anadwala, wandevu tinalima kachigawo kakang'ono. Munda wonse wotsala ndinabzala mbewu yogula yocha msanga, chifukwa ndinali ndekha, kuno odwala, uko dambo. Kachigawo kaja amayi anati kakhale mbewu konse, ndipo anapita okha kukadula, akutsamira ndodo. Koma mtsuko unali utang'aluka. Ine ndinathira mbewuyo m'thumba, yopanda phulusa, n'kuika pambali pa matumba a mpunga wakudya. Ndinati mawa ndigula mtsuko wina. Mawa linapita, mawa linanso linapita.

Anatisiya m'chilimwe, dzuwa likuwotcha mapazi. Anthu anabwera, anabwera, anabwerabe, a kutchalitchi, a kumzikiti, a kumadoko, mpaka ufa unachepa. Azimayi ophika anandipeza pasiwa n'kundinong'oneza kuti alendo achuluka. Ine mutu uli pansi, ndinangoti tengani chilichonse chili m'chipindamo. Anatenga matumba onse n'kupita nawo kuchigayo. Sanalakwe, pakamwa panali panga.

Tikubwera kumanda, fungo linandilandira panjira. Ndinaima. Fungo limenelo silinali la mpunga wogula. Ndinadziwa pompo kuti thumba lija lalowa m'chigayo, ndipo mpunga wochotsedwa mankhusu sumeranso. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kuyambanso kulira, azimayi n'kundigwira m'mapewa kuti ndilimbe mtima, amayi apita kukapuma. Anthu anadya, anayamikira, nkhalamba ina inati malemuwa aphikira okha alendo awo. Ine mbale yanga inabwerera momwemo.

Maliro atatha ndinayamba kuyenda. Ndinapita ku Benga kwa mng'ono wanga, iye anati wandevu anausiya kale chifukwa ogula saufuna. Ndinapita ku Kanyenda kwa msuweni wathu, wake unali utasakanikirana ndi mitundu itatu, ndevu osaoneka. Ndinalowa khomo ndi khomo mwa anthu a timbale aja. Wina anati anadya chaka cha njala, wina anati unkamuyabwa, wina sanakumbuke n'komwe kuti analandira. Mumtima ndinkawauza amayi kuti mwaonatu, munkathira madzi pamchenga. Mitambo inayamba kusonkhana kuphiri, nazale za anthu zinayamba kubiriwira, ine manja ali m'khosi.

Kwa mnzawo wa amayi sindinaganizeko za mbewu, poti sanali mlimi, munda analibe. Ndinapitako kukapereka mpango wabuluu umene amayi ananena kuti ukhale wawo. Ndinawapeza atakhala pamkeka, atakalamba, maso akuona pang'ono. Anaununkhiza mpangowo nthawi yaitali, n'kunena kuti matope akumvekabe. Kenako anandifunsa ngati ndafesa. Ndinawauza zonse, za mtsuko, za thumba, za chigayo, misozi ikugwera pachitenje.

Iwo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kudabwa kuti kodi ukalamba wawazunguza mutu. Anati ndiwagwire dzanja. Tinazungulira kuseri kwa nyumba, kumene madzi a pachitsime amatayikira. Panali kadambo kongokwana mikeka iwiri, kotchingidwa ndi ukonde wakale wa nsomba, ziputu za mpunga zili mbuu. Anakweza ndodo yawo kuloza kudenga la khonde. Pamenepo panalendewera timitolo ta ngala, tomangidwa ndi luzi, ndipo ngala iliyonse inali ndi ndevu.

Anati chaka chilichonse dengu la amayi lija likafika, ankatapako manja awiri n'kubzala kuseriko mobisa, amayi osadziwa.

"Ndinkafuna tsiku lina ndidzawasenzere dengu lodzaza, lolima ndekha, ndidzawatseke pakamwa. Koma nkhuku zanga zinkandidyera chaka ndi chaka, dengu silinadzaze, ndiye mnzangayo wandithawa."

Ndinagwada pamatope pomwepo.

"Dzuka, mwanangu, tsitsa zonse. Ukamakawokera uwauze amako kuti wosadziwa khasu uja ndi amene wawasungira."

"Ndikawauza, amayi."

Nditapuntha inangodzaza mbale imodzi. Ndinaifesa, ndinaiwokera ndekha mbande imodziimodzi, ndipo ndinawauzadi amayi, mokweza, moti anthu a munda woyandikana anatembenuka. Chaka choyamba sitinalawe ngakhale njere, yonse inali mbewu. Chachiwirinso chimodzimodzi, ana akundinena kuti ndikulima mpunga wongoyang'ana. Chachitatu ndinasenza dengu, lodzaza mpaka kutayikira, kupita nalo kuboma mwezi wa kusala ukutha. Gogoyo anali atasiya kuona. Analowetsa dzanja m'dengu, ndevu zinawalasa, n'kunena kuti ee, ndi yemweyu wamwano uja. Pa Idi imeneyo ndinadya nawo m'mbale imodzi, ndipo aka kanali koyamba kuti wandevu alowe m'kamwa mwanga chichokere amayi.

Nawonso anapita, patha zaka. Dengu ndimapitabe nalo kwa mwana wawo wamkazi, nayenso amabwera ndi nkhuku. Mitsuko tsopano ndili nayo iwiri, wina kwanga, wina kwa mwana wanga woyamba, yonse yomata bwinobwino, ndipo m'thumba mbewu sindiikamonso.

Mmawa uno, fungo la dzulo lija labweretsa mlendo. Mayi wina wachitsikana, wokwatiwa kumene m'mudzi muno, waima pakhomo ndi kambale kuseri kwa chitenje, manyazi ali tho. Ndamuthirira mbewu ya ngala zosankha, mpaka kusefukira, ndamuuza kuti umachedwa kucha, umayabwa, asadzautaye mtima. Atangotembenuka, mwana wanga wamkazi, mayi wa ana anayi, wayamba kung'ung'udza kuti mbewu yovutikira chonchi ndikungoimwaza, mawa mudzi wonse udzakhala pakhomo pano ndi timbale.

Ndamuyang'ana, ndaseka, ndamupatsa lichero kuti apete.