Miyezi Isanu ndi Iwiri Osagwira Macheka

Chizindikiro choyamba chinali kutentha pansi pa chifuwa, pamene nthiti zimakumanirana. Munali m'chaka cha 1968, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Ululuwo unkabwera dzuwa likamakwera, m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndipo ndikadya mbatata imodzi kapena kumwa mkaka unkazilala. Popeza unkamvera chakudya, ndinkati ndi njala chabe.

Dzina langa ndine Donasiyano, kwathu ndi kufupi ndi Fonte Boa. Ntchito yanga ndi yocheka matabwa. Tinkacheka awiri, ine ndi a Labisoni, ndi macheka aatali aja a zigwiriro ziwiri. Chipika tinkachigoneka pamwamba pa dzenje, ine n'kuima pachipikapo kumakoka, a Labisoni ali m'dzenje kumatsitsa, utuchi ukuwagwera kumaso. Tinali titagwira limodzi zaka khumi ndi chimodzi, moti manja athu ankamvana popanda kuyankhula. Ndinali munthu wa thupi lalikulu, wodya kwambiri, ndipo sindinali nditagonapo m'chipatala.

Zaka ziwiri ndinakhala ndi ululuwo. Ndinkagula soda kukantina, n'kumamwa wosungunula m'madzi. Mkazi wanga Anastaziya ankandiphikira mizu imene anthu ankamuuza, ndipo matenda ankapumadi mwezi umodzi kapena iwiri, n'kubweranso. Itadutsa Pasaka ya 1970 zinthu zinasintha. Ndinayamba kusanza, ndipo m'masanzimo ndinkaona nyemba zimene ndinadya dzulo lake zisanagayike. Chimbudzi nthawi zina chinkatuluka chakuda ngati makala. Thupi linayamba kutsika. Zimenezi ndinabisa, ngakhale kwa Anastaziya, chifukwa tinali ndi ntchito yaikulu ya matabwa a denga la sukulu ndipo sindinafune kuisiya pakati.

M'mwezi wachisanu ndi chiwiri, tsiku lozizira la mphepo, ndili pamwamba pa chipika cha bulugamu, m'maso munachita mdima. Ndinagwada n'kukumbatira chipikacho. Macheka anatsala ali pakati pa mtengo, a Labisoni ali pansi pake penipeni. Atanditsitsa anati:

"Achimwene, ine sindigwiranso macheka ndi inu mpaka mukaonane ndi dotolo. Lero mukanagwera m'dzenje muno, amasiye akanakhala a nyumba ziwiri."

Mawu amenewa ndiwo ananditengera kuchipatala cha ku Vila. Enfirimeru wa kumeneko, ndiye kuti namwino, anandikoka chikope n'kuyang'ana m'kati mwa diso, nati magazi andithera. Anandipatsa mankhwala a milungu itatu. Kusanza sikunaleke, ndiye analemba kalata yonditumiza ku Tete. Kuposto, ku ofesi ya boma, anandipatsa giya, chikalata chololeza ulendo, cha munthu mmodzi yekha. Anastaziya anatsala ndi ana.

Ndinanyamuka kumayambiriro kwa Agosito pa galimoto yonyamula kachewere. Inali nthawi ya nkhondo, magalimoto ankayenda mumzere moperekezedwa ndi asilikali, ndipo ulendowo unatitengera masiku awiri. Mtsinje wa Zambezi tinawoloka pa chombo chonyamula magalimoto. Ndinachoka kwathu nditavala chikhoti, koma ku Tete ndinapeza kukutentha ngati kwathu m'chilimwe.

Chipatala chinali ndi dongosolo lake, ndipo wodwala ankangolitsata. M'mawa ankatiyeza kutentha kwa thupi, kenaka kunkabwera okolopa, kenaka tiyi. Dzuwa likakwera pang'ono dotolo ankazungulira bedi ndi bedi. Anali Mpwitikizi wa mawu ochepa. Enfirimeru wa m'chipinda chathu anali a Simau, Mnyungwe, ndipo popeza chinenero chawo ndi chathu zimamvana, ndiwo ankandimasulira. Tsiku lachinayi anandimwetsa phala loyera, lolemera ngati njereza, n'kundiimika pa makina ojambula m'kati mwa thupi. M'mawa mwake dotolo anabwera ndi chithunzicho.

"Muli ndi chilonda m'chifu," anamasulira a Simau. "Chakhalitsa. Pochira n'kuyambanso, chatseka njira imene chakudya chimatulukira. Mankhwala sangatsegule. Akuti adula mbali ya chifucho, chotsalacho alumikiza ndi matumbo."

Ndinafunsa funso limodzi lokha, ngati munthu wodulidwa chifu amagwiranso ntchito. Dotolo anandigwira chikhatho, nayang'ana zikang'a zake.

"Amagwira, akapanda kufulumira."

Kenaka kunali kudikira. Anandiwonjezera magazi kawiri. Madzulo aliwonse ankalowetsa kapaipi kudzera m'mphuno n'kutsuka m'mimba, ndipo chimenechi ndicho chinandivuta kuposa zonse. Tsiku langa la opareshoni linasinthidwa kawiri chifukwa kunkabwera anthu ovulala amene sakanatha kudikira. Ndinalibe wondiyendera. Masana ndinkakhala pakhonde kumayang'ana matabwa a denga, n'kumaganiza kuti anachekedwa ndi ndani, chifukwa anali owongoka bwino.

Anandichita opareshoni Lachiwiri la mlungu womaliza wa Agosito. Ndikukumbukira nyale yaikulu ndi chophimba kumphuno chonunkha mankhwala, basi. Ndinadzidzimuka madzulo, kapaipi kali m'mphuno, singano ili pamkono, pamimba atamanga nsalu. Ululu unalipo, koma ludzu linkauposa. Sankalola kumwa. A Simau ankaviika thonje m'madzi n'kumandipaka pamilomo.

Tsiku lachiwiri anandikhazika tsonga n'kundiuza kuti nditsokomole nditakumbatira pilo pamimba, kuti m'mapapo musadzaze. Tsiku lachitatu anandiyendetsa mpaka pakhomo la chipinda, mapazi khumi okha, ndipo pobwerera ndinali thukuta lokhalokha. Tsiku lachinayi anachotsa kapaipi n'kundipatsa madzi, supuni imodzi pa ola. Sindinamwepo madzi okoma ngati amenewo. Pambuyo pake kunabwera tiyi wopanda shuga, msuzi, kenaka phala lamadzimadzi. Ulusi anachotsa tsiku lakhumi. Ndinakhalanso milungu iwiri ndikuphunzira kudya, monga mwana wongoleka kuyamwa.

Tsiku lotuluka dotolo analankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse, a Simau akumasulira pang'onopang'ono kuti ndisaiwale.

"Chifu chanu tsopano n'chaching'ono. Muzidya pang'ono, kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, ndipo muzitafuna mpaka chakudya chisungunuke. Madzi musamamwere pachakudya, muzidikira kaye. Zotsekemera muzipewa. Miyezi itatu musanyamule chilichonse cholemera kuposa mwana wakhanda. Macheka anu aja, miyezi isanu ndi umodzi. Khungu limapola msanga, koma zam'kati zimachedwa, ndipo zikang'ambika mudzabweranso kuno."

Ndinafika kwathu kumapeto kwa Setemburo. Lamba wanga ndinali nditamuboola mabowo atatu atsopano. Ndinapeza Anastaziya akupeta nyemba pakhonde, ndipo nditati odi, anayankha mwaulemu monga amayankhira mlendo.

"Fikani, bambo. Eni nyumba kulibe, ali kuchipatala ku Tete."

"Amake Rozina," ndinatero, "ndi ine."

Anaika lichero pansi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nalira, kenaka n'kuyamba kuseka misozi ili m'masaya. Mlungu umenewo anabweza mabuluku anga onse m'chiuno.

Kudya kunali ntchito yatsopano. Ndinkadyera m'kambale ka ana: phala m'mawa, dzira dzuwa likakwera, kachewere wophwanya masana, mkaka pang'ono, nkhwani zofewa, chomwecho mpaka madzulo. Ndikapitirira ndi mbamu imodzi yokha, m'mimba munkandiuza nthawi yomweyo. Kukhala pambale imodzi ndi amuna anzanga kunkandichititsa manyazi, chifukwa ndinkasamba m'manja iwo atangoyamba, ndipo eni nyumba ankaganiza kuti ndanyoza chakudya. Ndinaphunzira kufotokoza ndisanakhale pansi. Kamodzi kokha ndinaphwanya lamulo. Pa ubatizo wa mwana wa mlongo wanga ndinamwa chikho chathunthu cha thobwa lotsekemera. Pasanapite nthawi thukuta linayamba, mtima ukugunda ngati ndathamanga, miyendo yalobodoka. Ndinagona pansi pa mtengo wa pichesi mpaka zinadutsa. Sindinabwerezenso.

Chovuta kwambiri chinali kukhala. Mvula itayandikira, Anastaziya ndi mchemwali wake ankaunda mizere, ine ndili pamthunzi. Pofika nthawi imeneyo ndinkayenda bwino ndipo nkhope inali itayamba kudzaza, ndiye odutsa ankaona mwamuna wathanzi akuonerera akazi akulima. Tsiku lina ndinatola khasu. Anastaziya anabwera n'kulilanda osakweza mawu.

"Bambo a Rozina, anthuwo akuona kunja, chilonda chili m'kati. Munda uno ndikhoza kulima ndekha chaka chino. Zaka zonse ndiye sindingathe."

Ndinakhala pansi. Nthawi yobzala itakwana anandilola kuponya mbewu m'mapando.

Za ntchito ndinkaziganizira tsiku ndi tsiku. Macheka aja sagwirika ndi munthu mmodzi, ndipo a Labisoni nawo anali ndi banja. Anali atatenga a Kalisito, bambo wamphamvu wa ku Domwe, kuti aziima pamwamba m'malo mwanga, ndipo matabwa a sukulu aja anamaliza awiriwo. Sindinawaimbe mlandu. A Labisoni ankabwera kudzandiona Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi, koma ndinkaopa kuwafunsa ngati malo anga adakalipo. Ndinkati mwina akungochita chifundo.

Mu Dezemburo, miyezi itatu itakwana, anayambitsa okha nkhaniyo.

"A Kalisito mphamvu ali nazo, koma kunola sadziwa. Macheka abuntha, akudya mtengo mokhota. Bwerani mudzangokhala pansi ndi tupa. Chipika musachikhudze."

Ndinayamba choncho, masiku atatu pamlungu, m'mawa mokha. Ndinkanyamula chakudya changa m'kachitini, n'kumadya pang'ono anzanga akamapuma. Ndinkanola mano a macheka limodzilimodzi n'kuwapinda, lina uku lina uko. Ndinkaviika chingwe m'makala osinja n'kumenya mizere pachipika. Ntchitoyi inali yopepuka, komabe masiku oyamba ndinkafika kunyumba nditatopa ngati ndacheka tsiku lonse. Mtima wokha ndiwo unakhala pansi, chifukwa ndinkamvanso fungo la bulugamu wongochekedwa.

Kumapeto kwa mwezi wachiwiri wa 1971 ndinabwerera ku Vila. Enfirimeru uja anasinika pachipsera, nandiuza kuti nditsokomole, nayang'ananso m'diso.

"Mwapola. Yambani, koma thupi likati basi, inunso muziti basi."

M'mawa mwake ndinapeza a Labisoni atasankha kachipika kakang'ono. Ndinati ndikwere pamalo anga akale, iwo anandigwira mkono.

"Pamwamba pafuna kukoka, pansi macheka amatsika okha. Lowani m'dzenje. Zaka khumi ndi zitatu mwakhala mukundithira utuchi, lero mulaweko."

Ndinalowa. Nditagwira chigwiriro, kukoka koyamba ndinakuchita ndi mantha, ndikumvetsera pamimba. Sipanapweteke. Tinapitiriza pang'onopang'ono, a Kalisito akukhomera kamtengo kosongoka mumng'alu kuti macheka asapanike. Thabwa loyamba linatuluka lokhota pang'ono kumapeto. Tinalekera pomwepo tsikulo. Mlungu wotsatira tinkacheka matabwa awiri patsiku, kenaka anayi, ndipo pofika nthawi yokolola ndinkagwira tsiku lonse. A Kalisito sitinawachotse. Tinaona kuti atatu ntchito imayenda bwino, chifukwa mmodzi amapuma awiri akucheka, ndipo zipika zolemera amagubuduza ndi iwo. Mpaka lero tili atatu.

Tsopano papita zaka zinayi. Thupi langa lakale silinabwerere, ndipo sindikulifunanso. Ndine munthu wochepa thupi koma wolimba, ndimapalasa njinga mpaka ku Kalomwe osapumira panjira. Ndimadyabe pang'onopang'ono, kasanu patsiku. Kawiri pachaka ndimapita ku Vila kukayezetsa magazi, ndipo akachepa amandipatsa mankhwala. Sindisanza, sindimva kuwawa, ndimagona bwino. Chipsera chimayabwa kukamazizira, basi.

Ndisanatuluke ku Tete ndinafunsa a Simau ngati mpeni unali wosapeweka. Anati ambiri obwera chilonda chikadali chatsopano amachira ndi mankhwala ndi kasinthidwe ka zakudya, osadulidwa. Ine ndinachedwa zaka ziwiri, poopa kutaya milungu ingapo ya ntchito, ndipo ndinataya miyezi isanu ndi iwiri pamodzi ndi mbali ya chifu changa.

Choncho inu amene m'mimba mukukuvutani mwezi ndi mwezi, amene mukusanza kapena kuona chimbudzi chakuda, musabise, ndipo musadikire kuti ntchito ithe kaye, chifukwa ntchito siitha. Uzani a m'nyumba mwanu lero, mawa mupite kuchipatala. Inu amene mwachitidwa kale opareshoni, masiku amene dotolo wakupatsani muwasunge onse, ngakhale anthu akuyankhuleni. Ndipo ngati chikukuletsani ndi mantha opita nokha, funsani pamene pali dzenje la macheka la anthu atatu kufupi ndi Fonte Boa. Ndidzaika tupa pansi, ndikuperekezeni.