Botolo la Madzi la Dindo

Anzanga, lero ndikuuzeni za Dindo. Ndayesa kukhala chete koma mtima wakana.

Tinakumana mu lifiti, ine mswachi uli m'manja.

Mukudziwa mmene timachitira m'maofesi kuno ku Cebu. Tikangodya nkhomaliro, aliyense amatola kachikwama kake ka mswachi n'kukatsuka mano kuchimbudzi. Akazi kwawo, amuna kwawo, miseche ya pakampani n'kumaphikidwira pagalasi pomwepo.

Ine ndinalibe kolowera. Ndinabadwa ndi thupi lachimuna, koma ndine mkazi, dzina langa Rhea. Kwa amuna ndinalowako kamodzi, wina n'kundiimbira likhweru, ine n'kutuluka msangamsanga. Kwa akazi sindinayerekeze n'komwe. Ndiye tsiku lililonse ndinkatsika, kuwoloka msewu, kukapempha chimbudzi pashopu ya khofi.

"Kodi mswachiwu ukukaudalitsa kutchalitchi?" anandifunsa mnyamata wokonza makompyuta pakampani pathu, Dindo.

"Zikukukhudza?"

"Ayi, koma tsiku lililonse ndimakuona ukuuperekeza."

Ndinaseka ndisakufuna. Mawa lake ndinam'peza akundidikira palifiti pomwepo, naye mswachi wake m'thumba la malaya!

Zinayamba choncho. Tikaweruka tinkakwera jeepney imodzi, minibasi ya kuno, n'kutsika pa amayi ena ootcha nyama, kumadya ndi mpunga wa m'masamba a kokonati. Ankanditcha langga, wokondedwa. Anangondipempha chinthu chimodzi.

"Kuofesi asadziwe kaye. Anyamata aja pakamwa pawo mpoola."

Ndinavomera. Chikondi chimapusitsa, anzanga.

Ndi Dindo amene anazindikira kuti sindimwa madzi kuntchito. Ndikamwa ndikataya kuti? Ndinkangopirira mpaka ndinadwala chikhodzodzo, kutentha thupi, kulira ndi ululu. Anandiperekeza kuchipatala, ndipo adokotala anandikalipira ngati mwana.

Nditachira anandiikira patebulo botolo lobiriwira, lodzaza madzi.

"Uzimwa. Ukafuna kuchimbudzi uzilowa kwa akazi."

"Wapenga? Ma'am Perla a ku accounts angandidye wamoyo!"

"Ine ndiziima pakhomo. Aliyense wofuna kulankhula ayambe ndi ine."

Tsiku loyamba ndinalowa. Munalibe munthu. Nditatuluka ndinam'peza wayedzamira khoma, akunamizira kuyang'ana foni. Ananditsinzinira diso... ndinamva ngati ndine munthu.

Kwa kanthawi zinayenda bwino, chifukwa ndinkasankha nthawi yoti mulibe anthu. Koma tsiku lina ndinadzimva kwambiri. Ndinati inenso nditsuke mano pagalasi lija nthawi ya nkhomaliro, ngati mkazi wina aliyense.

Atsikana awiri anandisunthira malo. Kenako chitseko chinatseguka. Ma'am Perla!

Anandiyang'ana kudzera pagalasi, thovu lili kukamwa kwanga.

"Muno mwasanduka mwa aliyense eti?"

Sanatsuke n'komwe mano. Anatembenuka, nsapato zili khwakhwakhwa kulunjika kwa abwana.

Madzulo omwewo abwana athu, Sir Ompad, anatiitana tonse a dipatimenti. Ine ndinaima kumbuyo.

"Ine sindida munthu," anatero Ma'am Perla. "Koma kuchimbudzi ndimafuna mtendere. Komanso pali mnyamata amene amamulondera pakhomo, ndamuonapo kangapo."

"Ndani?" anafunsa abwana.

"Dindo."

Anyamata aja anaphulika kuseka.

"Aise Dindo, ndiye wapeza ganyu ya ulonda?"

"Kapena ndi alamu athu amenewa? Ukwati liti?"

Abwana anamenya tebulo. "Chete! Dindo, n'zoona? Unamuuza ndiwe kuti azilowa?"

Anzanga, ndinam'yang'ana. Sindinkafuna kuti anene kuti amandikonda, ayi. Akanangoti, "Anadwala, Sir, ndinamuona ndi maso anga." Basi.

Iye anayang'ana pansi, makutu atafiira.

"Ayi, Sir. Ine ndimangodutsa popita kukaona mawaya. Za Reynaldo sindikuzidziwa."

Reynaldo.

Dzina limene ndinalisiya kalekale. Pa anzathu onsewo palibe ankalidziwa. Ndinauza Dindo yekha, tsiku lija kuchipatala, atandigwira dzanja.

Wina anabwereza motsitsa, "Reynaldo," ena n'kumaseka chapansipansi. Ngakhale Ma'am Perla anayang'ana kumbali.

Abwana anagamula msanga kuti nkhani ithe. Ndizigwiritsa ntchito chimbudzi cha pansi penipeni, pafupi ndi poimika magalimoto, kiyi ndizikapempha kwa alonda. Ndikapezekanso kwa akazi, ntchito yatha.

"Wamva, Rhea?"

"Ndamva, Sir."

Ndikanati chiyani? Ntchitoyi ndi imene ikuphunzitsa mng'ono wanga.

Poweruka Dindo anandithamangira pokwerera jeepney.

"Langga, dikira. Unaona mmene amandisekera. Ndinasowa chonena."

"Unasowa chonena? Nanga dzina lija unalitola kuti?"

"Linangotuluka..."

"Unati wofuna kulankhula ayambe ndi iwe. Ayamba nawe, wachita chiyani?"

Jeepney itabwera ndinakwera ndekha, ndipo ndinalira njira yonse, amayi ena osawadziwa akundisisita pamsana.

Pano ndikafuna kudzithandiza ndimatsika mpaka pansi, n'kuima pamaso pa alonda. Ena amandipatsa kiyi mwaulemu. Ena amafunsa mokweza, "Wapanikizikanso?"

Ma'am Perla sindiwakwiyira kwenikweni, sanandilonjeze kanthu. Amene amandiwawa ndi uja anandilimbitsa mtima kuti ndilowe, kenako n'kuchoka pakhomo.

Dzulo wanditumizira uthenga: "Wamwa madzi?"

Sindinayankhe. Botolo lake lobiriwira likadali patebulo panga, lodzaza mpaka pakamwa.

Ndasiyanso kumwa madzi kuntchito, anzanga.