Chimanga Chothyola Lero

Ikamakwana faifi m'mawa, ine ndikuchapa matewera, amayi oyandikana nafe amakhala ali kale m'dimba, akuthyola chimanga chachiwisi chokaotchera madalaivala ku boda ya Mwami. Amathyola chokwanira tsikulo basi, n'kuchifunditsa saka yonyowa pamthunzi. Chogona sagulitsa, amapatsa nkhumba. Madalaivala amapitirira mbaula zina zonse kufuna yawo, ndipo amayiwo amadziwa kuti akadzangowalawitsa chosatsekemera kamodzi, sadzaimanso.

Ukawafunsa amati, "Chimanga ukachithyola sichinafe. Chimapumabe ngati iwe, ndipo popuma chimadya shuga wake womwe. Pakatentha ndiye chimadya mwadyera."

Mwezi uno msana wawavuta. Mwana wawo Stanley, powamvera chisoni, anathyola cha sabata yonse Lamlungu madzulo, n'kuchimanga m'masaka apulasitiki. Kutacha amayi sanakalipe. Anangoti, "Pisa dzanja m'sakamo."

"Mwafunda, amama," anatero Stanley.

"Umaganiza muli mbaula? Ndi shuga wanga akupsa ameneyo. Pofika Lachitatu tizidzaotcha gaga."

Stanley anaseka, koma anamasula masaka onse n'kuyala chimangacho pansi pa mango. Tinagawana mudzi wonse, ana athu anadya mpaka kukana.

Madzulo ake amayiwo anabwera kwathu atagwira m'chiuno, n'kukhala pakhonde.

"Amake Jesca, Stanley akubwerera ku ntchito m'tauni, ndipo msana uwu wakana. Muzibwera mbandakucha mundithyolere, mwana ndizikugwirirani. Koma chonde, muzithyola cha tsikulo chokha."