Mphindi ziwiri pa wotchi yanga

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Sindichita nazo manyazi. Ndasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Migowi kuyambira ndili mnyamata, ndipo palibe anabwezapo thalauza kuti miyendo yasiyana. Ana asanu ndawalera ndi makina omwewo, kwawo kwa mayi awo ku Jenala. Lamulo la pakhomo panga linali lalifupi. Wamkulu akakufunsa, khala pansi, maso pansi, yankha chimene wafunsidwa, utseke pakamwa. Mwana wolongolola pamaso pa akulu ndinkangomuyang'ana kamodzi, nkhani n'kutha.

Amene analigwira lamuloli kuposa onse ndi wotsiriza, wamkazi. Alendo ankachoka pakhomo akunena kuti mwana uyu ndi woleredwa. Kusukulu sanabwerezepo kalasi. Anapita kusekondale, anapita kuyunivesite, anabwerako ndi digiri ya ulimi wothirira. Koma akafika kunyumba ankagwada pondipatsa madzi ngati kale.

Tsiku lina anandibweretsera kalata pakhonde paja. Anati bungwe lina lakunja lamusankha kuti akachite digiri yachiwiri, ndipo lidzalipira zonse: sukulu, pogona, chakudya ndi ndege. Panatsala chinthu chimodzi. Akhoze mayeso a Chingerezi, zotsatira zifike kwa eni akewo mwezi wachitatu usanathe. Zikapanda kufika, malo apatsa wina.

Ndinati, "Chingerezi wakhala ukulemba kuyambira uli wamng'ono. Akufunanso chiti?"

"Akufuna amve okha, bambo."

Mayesowo ndi olipira, ndipo si masewera. Tinagulitsa nandolo yense wa chaka chimenecho. Anakwera minibasi kupita ku Blantyre. Ine sindinade nkhawa.

Zotsatira zitabwera, anandiwerengera ali chogwada. Kuwerenga anakhoza bwino. Kulemba, bwino. Kumva, bwino. Kulankhula, anaperewera. Ndipo eni ake ankafuna mbali zonse zinayi zikwane.

Ndinamufunsa ngati panali funso limene linamukanika. Anati ayi, anayankha onse. Ndinamufunsa amene ankafunsayo. Anati mayi wachikulire, waimvi. Ndinaganiza kuti amubera, ndipo ndinanena choncho mokweza, mwini sitolo akumva.

Mwini sitoloyo ndi Msilamu, mnzanga wakale, munthu wosapsa mtima. Anati, "Atelala, musanatukwane anthu a ku Blantyre, itanani aphunzitsi aja amasoketsa malaya kwa inuwa. Aja anapitako kunja."

Aphunzitsiwo ndi a ku Kasungu, amaphunzitsa kusekondale ya pafupi. Anabwera Loweruka. Anakhala pa benchi ya makasitomala, anamuuza mwana kuti achite ngati ali m'chipinda cha mayeso. Anamufunsa funso m'Chingerezi. Mwana anapinda manja, anayang'ana simenti, anayankha mawu atatu, chete. Anamufunsa lina. Mawu anayi, chete. Mumtima ndinati, si izi, mwana wayankha bwino.

Aphunzitsi anatembenukira kwa ine.

"Bambo, Chingerezi chake ndi chabwino kuposa changa. Koma kumeneko sayesa ulemu. Amakupatsa mutu wa nkhani, ulankhule mphindi ziwiri osaima. Kenako amakufunsa maganizo ako, nthawi zina amakutsutsa dala kuti aone ngati uima nawo. Uyu akungovomera. Munthu angampatse bwanji malikisi a mawu amene sanawamve?"

Ine ndinapitiriza kupinda mpendero wa siketi imene ndinali nayo m'manja.

Madzulo ake ndinawafotokozera mayi ake. Iwo ankasenda chinangwa, sanadzutse ndi mutu womwe.

"Pakamwa pa mwanayu munasokapo ndinu, abambo. Msoko wanu, masulani nokha."

M'zaka zathu zonse sanandilankhulepo chotero. Ndinawasiya, chifukwa ankanena zoona.

Nthawi inalipo ya kuyesanso kamodzi kokha. Mayi ake anagulitsa mbuzi zawo. Kachitatu kunalibe, ndipo tonse tinkadziwa.

Lolemba ndinatseka makina dzuwa likadali m'mwamba. Nditafika kunyumba ndinatulutsa mipando iwiri, ndinaiika pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana. Ndinamuitana mwana uja. Anabwera n'kugwada pambali.

"Khala apo."

Anayang'ana mpando, anayang'ana mayi ake.

"Ndati khala apo. Lero ine si bambo ako. Ndine mayi uja wa ku Blantyre."

Mayi ake anaseka mpaka kutsamwa. Mwana anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, ngati pali minga. Chibadwire anali asanakhalepo pampando ine ndili pomwepo.

Ndinavula wotchi n'kuiika pabondo. Kudzanja ndinagwira sizasi. Ndinamuuza dongosolo. Ine ndifunsa m'Chichewa, iye ayankha m'Chingerezi, mphindi ziwiri. Maso akapita pansi ndigogoda mpando ndi sizasi, tiyambiranso. Akaima, tiyambiranso. Mawu akatsika moti mayi ake ali pakhondepo sakumva, tiyambiranso.

"Koma bambo, mumva bwanji zimene ndikunena?"

"Zimenezo si zako. Nsalu sindiidziwa kumene inapangidwa, koma ndimadziwa ikang'ambika."

Tsiku loyamba sitinafike theka la mphindi. Ndinagogoda mpaka mpando unachita chipsera. Ndinamufunsa za msika wa pa Migowi, za mmene amaphikira nyemba za kalongonda, za madzi osefukira amene anatikokolera munda, za phiri la Michesi. Zonsezi amazidziwa. Koma akangokumana ndi maso anga, mawu ankathawa.

Anthu odutsa ankaima pamsewu. Mkulu wina wa kuchikazi anafika mpaka pabwalo.

"Alamu, mwayamba liti kukhalitsa ana aakazi pampando? Mawa adzakudyerani chiwindi cha nkhuku."

"Akadye," ndinatero. "Nkhuku ndi yanga."

Pakutha sabata ziwiri ankafika mphindi ziwiri pa nkhani za msika ndi za kumunda. Maso ankakhazikika pamphumi panga. Aphunzitsi anabweranso, anamvetsera, anati zasintha, koma patsala kutsutsa. Iwo akati ayi, mwana ankati chabwino, mwina ndi choncho.

Ndinayesa kumuputa. Ndinati feteleza ndi wachabe. Anamwetulira, anavomera. Ndinati nandolo amabereka bwino m'dambo, bodza loti ngakhale mbuzi ingakane. Anati mwina madera ena. Ankadziwa kuti ndikunama dala, ndipo munthu sukangana ndi bambo ako pa zinthu zamasewera.

Kutatsala masiku asanu, ndinaona kuti zamasewera sizithandiza. Ndinasankha nkhani yeniyeni.

Mwana wanga woyamba ndi wamkazinso. Anakhoza sitandade eyiti, anasankhidwa kusekondale yogonera komweko, kutali. Ine ndinakana. Ndinati mwana wamkazi sagona kumene bambo ake sakumuona. Palibe ananditsutsa, chifukwa pakhomo panga panalibe wotsutsa. Lero amagulitsa tomato pamsika, ali ndi ana anayi. Nkhaniyi sinakambidwepo.

Ndinaika wotchi pabondo. Ndinati, "Mkulu wako ndinachita bwino kumuletsa sukulu. Ukuti bwanji?"

Pakhonde mayi ake anasiya kupeta.

Mwana anatsitsa maso. Ndinakweza sizasi kuti ndigogode. Ndisanatero, anayamba.

Anandiyang'ana m'maso, osati pamphumi. Mawu anatuluka okwera, osanjenjemera. Chingerezi changa ndi cha pa tepi yoyezera, koma mawu oti sukulu ndinawamva, oti mkulu wanga ndinawamva, oti mantha ndinawamva kawiri. Anawerenga pa zala, choyamba, chachiwiri, chachitatu. Misozi inatsika koma sanaipukute, ndipo sanaime. Ndinayesa kumudula, ndinati ayi. Anakweza dzanja pang'ono, anandidikiritsa, anapitiriza. Ine, mwana wanga kundidikiritsa.

Atamaliza ndinayang'ana wotchi. Mphindi zinayi.

Anazindikira chimene wachita. Anatsetsereka pampando kuti agwade.

"Bwerera pampando," ndinatero. "Wapitirira nthawi. Kumeneko akudula. Yambiranso, zomwezo, koma zikwane ziwiri."

Anayambiranso. Zinakwana.

Sindinamufunse kuti amasulire, iyenso sanadzipereke. Zimene ndinamva zinandikwana.

Anapita ku Blantyre kachiwiri. Pobwera ndinamufunsa amene anamupeza. Anati bambo wachikulire, wandevu, wosaseka.

"Unamuyang'ana?"

"Ndinamuyang'ana. Sanali woopsa ngati inu."

Zotsatira zinafika pafoni yake Lachinayi masana, kutatsala sabata kuti nthawi ithe. Anabwera pakhonde la sitolo wapansi, akupuma mofulumira. Sanagwade. Anaima patsogolo pa makina n'kunena yekha, ndisanamufunse, kuti mbali zonse zinayi zakwana.

Ndinati, "Chabwino." Ndinamaliza msoko umene ndinali nawo, chifukwa msoko susiyidwa pakati. Mwini sitolo anatulutsa zakumwa zoziziritsa kukhosi, anakana kuti ndilipire.

"Atelala, sekani pang'ono, mano sagwa."

"Ndaseka kale," ndinatero.

Mwanayo ndinamusokera jekete ya nsalu yokhuthala, yophatikiza kawiri mkati, poti anati kumeneko kumazizira kuposa mwezi wa Juni kuno. Ndinamuyeza ndekha. Mapewa anali atawongoka, ndinachita kuwonjezera.

Tsiku lonyamuka tinamuperekeza pa siteji ya minibasi. Mkulu wake anasiya tomato ndi mnzake, anabwera. Awiriwo anagwirana nthawi yaitali. Minibasi itapita, tinatsala ine ndi woyambayo. Mwana wake wamkazi anali mu sitandade seveni chaka chimenecho.

Ndinati, "Uja wako akasankhidwa, apita. Kulikonse. Yunifolomu ndisoka ine."

Anayang'ana pansi, anati, "Ndamva, bambo."

"Dzutsa mutu ukamandiyankha."

Anadzutsa. Anali ndi zaka makumi anayi, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione bwino kuti maso ake ndi a malemu mayi anga.

Wotsiriza uja ali m'chaka chake chachiwiri kunjako. Amaimba Lamulungu lililonse pafoni ya mayi ake, ija yoonetsa nkhope. Amalankhula kwambiri tsopano. Sabata yatha wanditsutsa pa za kabzalidwe ka chimanga, mayi ake akumva. Ndinamusiya amalize. Wotchi inali pamkono, koma sindinaiyang'ane.

Mipando iwiri ija ikadalipo. Wina uli ndi zipsera za sizasi. Mayi ake anafuna kuupereka kwa kalipentala kuti aupale. Ndinakana.