Njinga ya malume ku Milanje

Ndili Fomu 2, ndinaperekeza malume, othyola tiyi, ku Milanje, tsidya la Mozambique. Pachipata cha Muloza anasintha makwacha awo n'kulandira ndalama za kumeneko, mametikashi odzaza maziro.

"Iwe wasukulu, izi zikwana njinga?"

Ndinkadziwa kuti sizingagule ngakhale tayala, koma ndinati, "Malume, zikwana njinga ziwiri!"

M'sitolo anasankha njinga yakuda, n'kuliza belu, n'kuyala ndalama zija pakauntala monyadira. Wogulitsa anaseka mpaka kuitana anzake.

Kunena zoona, nanenso ndinaseka, ndipo ndikakumbukira belu lija ndimasekabe. Koma malume sanandikalipire. Anapinda ndalama zawo n'kuuza wogulitsayo kuti, "Mwanayu wangolakwitsa masamu." Kunditeteza kumeneko kunandiwawa kuposa mbama. Njira yonse yobwerera sindinathe kuwayang'ana kumaso.